Kuona Nyama za M'chire Usiku ku Singapore

(Mau onenedwa pa wailesi ndi mlangizi wa zaulimi)

Madzulo ano tisiye pang'ono nkhani ya mizera ndi manyowa, ticeze za malo ena kumene anthu alipira ndarama kuti akaone nyama zoyenda usiku.

Malowo dzina lace ndi Night Safari, ndipo ali ku Mandai pa cisumbu ca Singapore, kumwera kwa Malaysia. Anawatsegula m'caka ca 1994, ndipo ndiwo oyamba a mtundu wotere pa dziko lonse lapansi. Kukula kwace ndi mahekitala 35, ndiwo maekala ngati 86.

Kapena mufunsa, cifukwa ninji usiku? Alimi mudziwa kale yankho lace. Nungu ndi nguluwe sizilowa m'munda dzuwa liri pamutu. Nyama zambiri za m'maiko otentha zigona usana, nizidzuka kukada kukafuna cakudya. Cotero munthu wopita masana kumalo osungirako nyama kawirikawiri angoona zoti ziri gone. M'mizinda ina amanga nyumba zamdima kuti nyama ziyese usana ndi usiku. A ku Singapore sanatero. Iwo anasintha nthawi ya alendo, nasiya nyama pa nthawi yao. Popeza cisumbuco ciri pafupi ndi pakati pa dziko, dzuwa lilowa ca m'ma 7 koloko caka conse, ndipo malowo akhala otsegula kufikira pakati pa usiku.

Mlendo akafika akwera ngolo zolumikizana zoyenda pang'onopang'ono, kapena ayenda pansi m'tinjira ta m'nkhalango. Nyama siziri m'zitupa zacitsulo ai. Zambiri azicinga ndi maenje, ngalande za madzi ndi mitengo, kotero kuti uziona ngati ziri kwao. Nyali zace anazikonza kuti ziwale monga mwezi, zokwanira maso a munthu koma zosabvuta nyama. Kumeneko kuli njobvu za ku Asia, mikango, afisi, mphaka wogwira nsomba, ndi tapir, nyama yakuda ndi yoyera ya kamcitamba kakafupi. Kulinso ngaka.

Lamulo lalikulu nali: pojambula cithunzi musaphanimitse nyali, ndipo musacite phokoso. Maso a nyama zausiku alandira kuwala kocepa kwambiri, ndiye kung'anima kwadzidzidzi kuzithobwa m'maso ndi kuziopsa.

Tsono ife titolepo ciani? Coyamba, nyama yamoyo iri ndi mtengo. Mlendo alipira polowa, pogona, pa cakudya ndi pa galimoto, ndipo mawa kubwera mlendo wina kudzaona nyama yomweyo. Yakufa igulitsidwa kamodzi kokha. Kwathu kuno alendo atengedwa pa galimoto usiku ndi nyali ku Liwonde, ndiponso ku South Luangwa m'Zambia, kumene ambiri apitira kukaona kambuku.

Caciwiri, zina mwa zoyenda usiku zitigwirira nchito ife tiri m'tulo. Kadzidzi, amene ambiri amuponya miyala pomuyesa mbalame ya mfiti, adya makoswe ndi mbewa zoononga cimanga m'nkhokwe ndi m'munda. Ngaka idya ciswe ndi nyerere, iribe mano, ndipo silakwira munthu. Komabe anthu aigwira kuti agulitse mamba ace kunja. Dziwani kuti lamulo la Malawi losamala nyama, monga linakonzedwa m'caka ca 2017, lilola kuika munthu m'ndende kufikira zaka 30 pa mlandu wotere.

Sitikana kuti njobvu ndi mvuu zibvutitsa minda. Zikatero musadziweruzire nokha. Uzani mfumu ndi anyakwawa, ndipo iwo adziwitse oyang'anira nyama za m'chire. Mukapeza ngaka panjira, ilekeni ipite.

Tsalani bwino, tidzacezanso sabata ya mawa.