Ku Ulónguè munda nawo ndi kalasi

Kale mwana wa mlimi wa ku Angónia akafuna maphunziro apamwamba a zaulimi ankapita kutali, makamaka ku Maputo. Zinthu zinasintha boma litakhazikitsa Universidade Zambeze m'chaka cha 2007. Sukuluyi, yomwe likulu lake lili ku Beira, inayamba kuphunzitsa mu 2009, ndipo nthambi yake ya zaulimi ili pa Ulónguè pompano.

Ntchito ya sukulu yotere si kuphunzitsa kokha ayi, komanso kufufuza. Pofuna kudziwa chimene nthaka ikusowa, aphunzitsi ndi ophunzira amagawa munda m'timagawo ting'onoting'ono, nabzala mbewu yofanana. Kagawo kena amathira feteleza, kena manyowa, kena sathira kanthu. Akakolola amayeza pa sikelo nalemba m'buku. Amabwereza zaka zingapo, chifukwa mvula ya chaka chimodzi imatha kunamiza.

Mlimi wa chimanga kapena mbatatesi sangayese zotere m'munda mwake. Akalakwitsa mbewu yogula pamsika wa kumalire, banja lonse ligona ndi njala. Munda wa sukulu ukalephera, nkhokwe ya munthu siipsa, koma phunziro limatsala. Chofunika n'chakuti zopezekazo zizifika kumidzi mvula isanagwe.