Kodi Mumadziwa? Mudzi Ungathe Kukhala ndi Netiweki Yakeyake ya Foni

Munthu wa m'boma la Mambwe ku Zambia akakwera pa chulu kufunafuna netiweki, foni yake imakhala ikusaka nsanja yolankhula nayo motsata malamulo a GSM, omwe ndi ndondomeko imene mafoni ndi nsanja amagwirizanirana potumiza mawu ndi mauthenga. Ntchitoyi imagwiridwa ndi kachipangizo kapadera ka m'kati mwa foni, ndipo pulogalamu yoyendetsa kachipangizoka makampani amaibisa, moti mwini foni sangaione kapena kuisintha.

Mu 2010 katswiri wa ku Germany, Harald Welte, pamodzi ndi anzake anayambitsa OsmocomBB, pulogalamu yoyendetsa kachipangizo kotere koma yotseguka, kutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu woiwerenga, kuikonza ndi kuigawa, ndipo inkayenda pa mafoni otsika mtengo monga Motorola C123. Ku mbali ya nsanja kunali kale OpenBTS, imene imachititsa kompyuta wamba yolumikizidwa ku wailesi yaing'ono kugwira ntchito ya nsanja.

Njira ya OpenBTS imeneyi inayesedwapo m'Zambia momwemo. Mu 2012 ofufuza a University of California, Santa Barbara anaika netiweki yotchedwa Kwiizya ku Macha, m'chigawo cha Kumwera, pogwiritsa ntchito OpenBTS, ndipo anthu ankatha kuimbirana ndi kutumizirana mauthenga m'deralo ndi mafoni awo akale osalipira. Midzi ya m'chigwa cha Luangwa yotalikira Mfuwe ikuyenera kuganiziridwa mozama pa nzeru imeneyi, ngakhale kuti mafunde a wailesi sagwiritsidwa ntchito popanda chilolezo cha bungwe la ZICTA.