Phala la oats: chifukwa chake limapsa msanga ndi kumene limatchipa

Oats ndi mbewu ya kumayiko ozizira ndi achinyezi, kumene tirigu amavutika kucha bwino. Masiku ano imalimidwa kwambiri ku Canada ndi ku Russia, komanso ku Poland ndi ku Finland, koma dziko limene limadziwika kwambiri ndi phala lake ndi Scotland. Kumeneko, kwa zaka mazanamazana, linali chakudya cha alimi ndi antchito, lophikidwa ndi madzi ndi mchere basi. Mpaka lero m'mudzi wa Carrbridge mumachitika mpikisano wophika phalali, umene unayamba mu 1994, ndipo wopambana amalandira chikho chooneka ngati kamtengo kotakasira phala, mthiko wa kwawoko. Chakudya cha anthu osaukachi chinafalikira m'mizinda ya dziko lonse pa chifukwa chimodzi chachikulu, ndipo ndicho ndikufuna tichimvetse: oats sadya moto, sadyanso nthawi. Kutchipa kwake kwenikweni kuli pamenepo, osati pa mtengo wa paketi pokha.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi mafuta a m'njere zake. Pa magalamu 100 a oats, pafupifupi magalamu 7 ndi mafuta, kuposa a mu tirigu kapena mu mpunga, ndipo njereyo ikangochotsedwa mankhusu mafutawo amayamba kuwonongeka, n'kuyamba kuwawa. Pofuna kupewa zimenezi, a kufakitale amaziwamba njerezo ndi kuzitenthetsa ndi nthunzi. Akatero amazipanikiza pakati pa zitsulo zogudubuzika mpaka zitaphwatalala ngati timamba. Ndiye kuti oats amene timagula m'sitolo moto unawakhudzapo kale, ndipo popeza ndi opyapyala, madzi amawalowerera msanga. Njere zongodulidwa zidutswa zimafuna mphindi 20 kapena 30 pamoto. Zophwatalala zimapsa m'mphindi zisanu. Zopyapyala kwambiri, zimene amangothirapo madzi owira, zimafewa m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Kaphwatalitsidwe kameneka kanatchuka ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nthawi imene anthu ambiri ankalawirira kumafakitale, ndipo chizindikiro cha malonda a oats cha Quaker chinalembetsedwa ndi kampani ya ku Ohio mu 1877.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Kapu imodzi ya oats ophwatalala imafuna makapu awiri a madzi kapena mkaka ndi kamchere pang'ono. Zonse zilowe mumpoto madzi akadali ozizira, ziwire pamoto wochepa, wophika azitakasa kuti zisapserere pansi. Mchere musauiwale ngakhale mukufuna kuthiramo shuga, chifukwa phala lopanda mchere ndi lozizira mkamwa, ndipo ambiri amene amati oats sakoma analawa lotero. Wophikira mu mayikulowevu asankhe mbale yakuya, poti phalali limafufuma n'kusefukira. Amene alibe ngakhale mphindi zisanuzo akhoza kuviika oats madzulo m'mkaka n'kuika mufiriji, m'mawa n'kudya osaphika. Kudya oats oviika chotere kunatchukitsidwa ndi dokotala wa ku Zurich, Maximilian Bircher-Benner, cha m'ma 1900. Mbale imodzi yapakatikati imatenga magalamu 40, kutanthauza kuti paketi ya kilogalamu imodzi imatulutsa mbale 25. Masamu amenewa amasokonekera munthu akayamba kugula timapaketi ting'onoting'ono tothira kale shuga ndi zonunkhiritsa, chifukwa pamenepo ndalama yambiri ikupita ku pepala ndi shuga. Ine ndimaona kuti wofuna kusunga ndalama agule paketi yaikulu ya oats opanda chosakaniza, zokometsera azithira yekha.

Ena amati phala lotere silikhalitsa m'mimba, munthu ikamakwana 10 koloko njala yamubwerera. Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo si bwino kuwakana. Magalamu 40 ndi chakudya chochepa kwa munthu wogwira ntchito ya thukuta, ndipo oats opyapyala kwambiri aja amagayika msanga kuposa okhuthala. Koma vuto pamenepa ndi muyeso, osati mbewuyo. Oats amagayidwa ndi gaga wake yemwe, ndipo ali ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 13 pa 100 alionse. Alinso ndi beta-glucan, chinthu chimene chimachititsa phala kunanda ndipo chimachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu. Mu 1997 boma la America linalola opanga oats kulemba pa mapaketi kuti chakudyachi chingathandize kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima, potengera magalamu 3 a beta-glucan patsiku. Mbale ya magalamu 40 imapereka pafupifupi theka la muyeso umenewo. Wogwira ntchito yolemetsa awonjezere oats mumpoto, athiremo supuni ya chiponde kapena nsinjiro, adulire nthochi pamwamba. Akatero afika masana ali ndi mphamvu, ndipo shuga wambiri sangamufunenso.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi cha mtengo, ndipo chimachokera kwathu kuno. Ku Malawi oats a m'masitolo amachita kuitanitsidwa kunja, amalipira mayendedwe ndi msonkho, choncho sangapikisane ndi phala la mgaiwa wa chimanga cha m'munda mwako, kapena Likuni Phala wa chimanga ndi soya. Banja la kumudzi limene lili ndi chimanga ndi mtedza lilibe chifukwa chosiyira phala lake lansinjiro n'kumathamangira paketi ya m'sitolo. Lili kale ndi kadzutsa wabwino, wotchipa kuposa oats. Zimasintha munthu akakhala ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Manchester, kumene oats ndi chimodzi mwa zakudya zotsika mtengo m'sitolo, monga Jungle Oats wa ku South Africa. Kumeneko magetsi ndi ogula, chipinda n'chaching'ono, chitofu mwina n'chogawana ndi anzako, ndipo basi ya kuntchito imanyamuka kusanache. Munthu wotereyu amene akanagula buledi ndi chakumwa cha m'botolo panjira tsiku lililonse, ndi amene paketi ya oats ingamupulumutsire ndalama zooneka pakutha pa mwezi.