Phokoso la m'Mahedifoni Opanda Chingwe

Agogo amene anakulira m'makomboni a m'mafamu amaikumbukira bwino wailesi ya mabatire. Madzulo, pofuna kumva nkhani za kumudzi, ankaitembenuza uku ndi uku, kukoka mlongoti wake, ngakhale kutuluka nayo pabwalo, mpaka phokoso lija loti "shwaa" litachepa. Zidzukulu zawo lero zimavala mahedifoni opanda chingwe, koma vuto n'lomwe lija, pakuti mahedifoni amenewa nawonso ndi kawailesi kakang'ono.

Mawu amachoka pa foni n'kufika m'mahedifoni kudzera m'mafunde a wailesi amene maso sangawaone. Njira imeneyi imatchedwa Bluetooth. Akatswiri a kampani ya Ericsson ya ku Sweden anayamba kuikonza m'chaka cha 1994, ndipo dzina lake linachokera kwa Harald Bluetooth, mfumu imene inalamulira dziko la Denmark zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mafunde a Bluetooth ndi ofooka. Kawirikawiri amangofika mtunda wa mamita 10.

Phokoso la m'mahedifoni lilipo la mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse umaulula kumene wachokera. Choncho mwana wanzeru sathamangira kudina mabatani. Amayamba wamvetsera.

Mawu akamadukaduka ngati munthu wachibwibwi, ndiye kuti mafunde akutsekerezedwa panjira. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, msewu womwewo umene Wi-Fi imadzera, ndipo uvuni wa mayikulowevu nawo umatulutsa mafunde a mtundu womwewo. Pofuna kuzemba anzake, Bluetooth imalumphalumpha pakati pa tinjira 79, kokwana 1,600 pa sekondi imodzi. Komabe pamalo odzaza anthu, monga pokwerera mabasi ku Mbare mu Harare, mafoni amachuluka moti tinjira tambiri timakhala todzaza. Makoma nawo amatchinga. Chodabwitsa n'chakuti thupi la munthu limatchinganso, chifukwa mbali yaikulu ya thupi ndi madzi, ndipo madzi amameza mafunde amenewa. Foni ikakhala m'thumba la kumbuyo, mwiniwakeyo ndiye amasanduka khoma. Mankhwala ake ndi osavuta: kuika foni m'thumba la kutsogolo, kuiyandikira, kapena kuchoka pafupi ndi mayikulowevu imene ikutenthetsa chakudya.

Palinso phokoso lachete loti "siii", lomwe limamveka kwambiri nyimbo ikaima. Limeneli limabadwira m'mahedifoni momwemo, m'kachipangizo kokuza mawu. Likakhala lochepa si matenda ayi, ndi chibadwa chake. Mahedifoni ena ali ndi timaikolofoni timene timamvetsera phokoso la kunja kuti tilifafanize, koma mphepo ikatiomba, m'makutu mumamveka mkokomo. Panja pamphepo ndi bwino kuzimitsa mbali imeneyi. Batire ikatsala pang'ono kutha mawu amathanso kusokonezeka, motero ndi nzeru kutchaja kaye musanaweruze kuti chinthu chawonongeka.

Nanga mawu akamathetheka kapena kunjenjemera mbali imodzi yokha? Nthawi zambiri wolakwa ndi phula la m'khutu, fumbi kapena katsitsi kamene kakodwa pa kasefa kotulukira mawu. Kasefako amakapukuta ndi kansalu kouma kapena kaburashi kofewa, osati ndi singano, osatinso ndi madzi.

Zonsezi zikakanika, mwana angabwereke foni ya wina n'kulumikizako mahedifoni ake. Phokoso likatha, vuto lili pa foni yoyamba ija, ndipo kuizimitsa n'kuiyatsanso, kapena kulumikiza mwatsopano, kumathandiza. Likapitirira, vuto lili m'mahedifoni. Apo mwana asayese kuwaphwasula, chifukwa muli kabatire ka lithium kamene kangayake moto kakabooledwa. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri.

Cholakwa chachikulu, chimenenso ana ambiri amachita, ndicho kukweza voliyumu kuti nyimbo iphimbe phokoso. M'katikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi taubweya tosaoneka ndi maso. Timeneti ndi timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Mphamvu ya phokoso amaiyeza m'madesibelo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana asapitirire madesibelo 75 kwa maola 40 pa mlungu. Pakhomo palibe choyezera, koma chizindikiro chilipo: ngati mayi akuitana ali pafupi, mwana n'kusamva, voliyumu yakwera mopitirira muyeso.

Nthawi zina mwana amavula mahedifoni koma kulira koti "tswii" n'kumapitirirabe. Pamenepo phokoso silikuchokeranso m'chipangizo, likuchokera m'khutu lenilenilo. Mwana wotere apumitse makutu ake ndipo auze makolo kapena aphunzitsi tsiku lomwelo. Kulirako kukapanda kuleka, apite naye kuchipatala kuti akamuone m'makutu.