Mlendo Wolanda Anchito a Mwini Nyumba

Mudziwa kale kuti mabakiteriya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndi kuti ena mwa iwo amatidwalitsa kolera ndi cifuwa cacikulu. Koma kodi mudziwa kuti nawonso ali ndi adani ao? Adaniwo ndi mavairasi ang'ono koposa, amene sagwira munthu kapena ciweto, koma mabakiteriya okha. Frederick Twort wa ku England anawazindikira m'caka ca 1915, ndipo mu 1917 Félix d'Hérelle, ali ku Paris, anawacha dzina lakuti bacteriophage, ndiko kunena kuti wakudya mabakiteriya. Lero tiphunzira za mmodzi wa iwo, wochedwa T4, amene amagwira bakiteriya wochedwa E. coli, wokhala m'matumbo mwathu.

Poyamba tiyeni tione m'kati mwa bakiteriyayo. Kuti akhale ndi moyo, ayenera kupanga mapuloteni a mitundumitundu. Malangizo a kapangidwe kake ali m'buku lalikulu lochedwa DNA, ndipo anchito ake ndi maenzaimu. Wamkulu mwa anchitowo ndi mlembi, dzina lake RNA polymerase. Iye amatsegula bukulo, nakopera tsamba limodzi pa kakalata. Kakalatako kamapita kwa maribosomu, amene amakawerenga ndi kulumikiza tizidutswa ta mitundu 20, monga momwe mai amatungira mikanda pa ulusi. Mkanda wotungidwawo ndiwo puloteni.

Tsono T4 alibe mlembi, alibenso otunga mikanda. Ali ndi mutu, mcira ndi timiyendo cabe, ndipo m'mutumo muli kabuku kake. Akatera pa bakiteriya amaboola khungu, nalowetsamo kabukuko. Kucokera pamenepo sapha anchito a mwini nyumba ai, pakuti akuwafuna. Amangowasintha pang'onopang'ono, ndipo mlembi uja amamusintha katatu.

Kusintha koyamba kumacitika pomwepo. Pamodzi ndi kabuku kamalowanso puloteni yochedwa Alt, imene imamata cizindikiro pa thupi la mlembi, kuti azikonda masamba oyamba a mlendo. Pambuyo pake inanso, ModA, imaonjezera cizindikiro comweco, ndipo mlembi amayamba kunyalanyaza masamba ambiri a mbuye wake.

Kusintha kwaciwiri kumadza patangopita mphindi ngati 2. Mlembi ali ndi ciwalo cochedwa sigma, cimene tingaciyerekeze ndi maso, cifukwa ndico cimapeza poyambira tsamba. Puloteni ya mlendo yochedwa AsiA imagwira masowo, ndipo inzake, MotA, imawalozera masamba apakati. M'masambamo muli malangizo ocurukitsira kabuku ka vairasi.

Kusintha kwacitatu kumadza pafupi ndi mphindi ya 10. Tsopano mlembi amapatsidwa maso atsopano, opangidwa molamulidwa ndi vairasi, ochedwa gp55. Maso amenewa amaona masamba otsiriza okha, onena za mitu, micira ndi timiyendo. Taonani ubwino wa dongosolo limeneli kwa mlendoyo: mitu siipangidwa msanga, timabuku toikamo tisanayambe kukonzedwa. Mmisiri safolera nyumba asanaimike nsici.

Si mlembi yekha amene amasinthidwa. Enzaimu yonyamula mkanda wochedwa valine imamatidwanso kapuloteni ka vairasi. Buku la bakiteriya nalo limadulidwadulidwa, ndipo zidutswa zake zimagwiritsidwa nchito pomanga timabuku ta mlendo. Zikakwana mphindi 25 kapena 30, khungu la bakiteriya limaphulika, ndipo mumaturuka mavairasi 100 kufikira 200, onse okonzeka kugwira mabakiteriya ena.

Nanga izi zitikhudza bwanji? Mlembi ameneyu ndiye moyo wa bakiteriya. Mankhwala a rifampicin, amene amaperekedwa m'zipatala zathu kwa odwala cifuwa cacikulu, amapha bakiteriya poletsa mlembi yemweyo kulemba. Koma mabakiteriya ena asintha mlembi wao kotero kuti mankhwalawo sawagwiranso, ndipo zotere zimakula pamene odwala aleka kumwa mankhwala nthawi isanakwane. Cifukwa cake akatswiri amaphunzira kumene mavairasi amamugwira mlembiyo, kuti apeze pena pomugwira ndi mankhwala atsopano. Ku Tbilisi, m'dziko la Georgia, kuli nyumba ya kafukufuku imene inayamba mu 1923, kumene mavairasi amenewa amagwiritsidwa nchito pociza zironda ndi matenda a m'mimba.

Aphunzitsi, yesani sewero ili m'kalasi. Mwana mmodzi akhale mlembi wokopera mau a pa bolodi, ena atatu abwere mmodzimmodzi kudzamulozera mzere wina. Kenaka funsani ana: N'cifukwa ciani mlendo sanaphe mlembi? Cikanacitika n'ciani masamba otsiriza akanayamba kuwerengedwa? Tsalani bwino.