Mthenga wa M'magazi ndi Matenda a Shuga

Mlimi wa ku Migowi akadya nsima, nsimayo imasanduka shuga m'magazi mwake. Pamenepo kapamba amatumiza mthenga wotchedwa insulini, amene Frederick Banting ndi Charles Best anamtulukira ku Toronto mu 1921.

Thupi linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Insulini amangogogoda pakhomo pa kachipinda, uthenga n'kufalikira m'kati. Tiantchito totchedwa ma enzyme, timene tinangokhala phee, timadzuka ndi kusamukira pamene pali ntchito. M'chiŵindi timasonkhana kuunjika shuga monga chimanga m'nkhokwe. M'minofu makomo amatseguka kuti shuga aloŵe. Njala ikafika, mthenga wina, glucagon, amalamula kuti nkhokwe ija itsegulidwe.

Insulini akachepa, kapena maselo akagontha, shuga amadzaza m'magazi pamene maselowo akugona ndi njala. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza kaŵirikaŵiri usiku, amaonda chikhalirecho akudya, ndipo chilonda cha kuphazi sichipola msanga. Ena amayamba kukayikira ufiti, nataya nthaŵi. Chonsecho kadontho ka magazi a pachala, akakayeza pa chipatala cha Holy Family kapena cha boma ku Phalombe, kamaonetsa kuchuluka kwa shuga, ndipo mankhwala amayambika maso ndi impso zisanaonongeke.