Mbewu ya m'nkhokwe simera

Chaka ndi chaka, Okutobala akafika ndipo dzuwa layamba kuswa mtengo kuno ku Lundazi, timatuluka nanu m'munda kukakumba maenje a ulimi wosunga chinyontho. Nthaka imakhala gwa, makasu amabuntha, koma sitilola kuti ntchitoyi idikire mvula. Chifukwa chake mukuchidziwa: chimanga chobzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira chimapeza chonde chonse, pamene chochedwa chimataya zokolola tsiku ndi tsiku. Akale adati m'mera m'poyamba.

Ambiri a ife sitidzaiwala dzinja la 2023 mpaka 2024. Mvula inadula pakati pa nyengo, chimanga chinafota chisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pobzala mu Disembala, ndani wa ife ankadziwa kuti kumwamba kudzatseka? Mlimi ali ndi mphamvu pa khasu lake, koma alibe mphamvu pa masiku.

N'chimodzimodzi ndi chipulumutso. M'buku la Machitidwe, mutu 24, timawerenga za Felike, kazembe wa Aroma ku Kaisareya. Paulo atamuuza za chilungamo, kudziletsa ndi chiweruzo chilinkudza, Felike anagwidwa ndi mantha, koma anamubweza ponena kuti adzamuitana akadzapeza mpata. Anamuitanadi kawirikawiri, akuyembekeza chiphuphu. Zinapita zaka ziwiri, Festo analowa m'malo mwake, ndipo sitimvanso kuti Felike anatembenuka mtima. Uthengawo sanautsutse, anangouchedwetsa.

Mawu a Felike timawamvanso pakati pathu. Wina akuti adzadzipereka kwa Ambuye akamaliza maphunziro, wina akagulitsa soya ndi mtedza, wina akakwatira, winanso akayamba wasiya mowa. Koma amene akudikira kuti adzikonze yekha asanabwere kwa Khristu afanana ndi wodwala wofuna kuchira kaye asanapite kuchipatala. Chipulumutso ndi mphatso. Yesu adalipira kale pamtanda, ndipo chotsala n'kulapa ndi kukhulupirira.

Komabe fanizo la munda lili ndi malire. Wophonya mvula ya chaka chino akhoza kubzalanso chaka chamawa. Moyo ulibe lonjezo lotere. Ndiponso mtima umene umamva Mawu n'kumazengereza umauma pang'onopang'ono, monga njira ya kudambo imene ng'ombe zimapondaponda.

Sitikunena izi pofuna kukuopsezani. Wobwera kwa Khristu akadali ndi mphamvu amakhala ndi zaka zambiri zobala zipatso m'banja, mumpingo ndi m'mudzi.

Choncho inu amene muli pano, ndi inu amene munabwerera kwanu ku Mwase, ku Kapichila, ku Chasefu kapena ku Lumezi, musagone ndi nkhaniyi. Pempherani lero lomwe, ndipo Sabata likudzali kaonaneni ndi abusa kapena mkulu wa mpingo. Mbewu yabwino muli nayo kale, isagonenso m'nkhokwe.